Kuwerenga mapu a timabokosi ngati asilikali

Zikomo a tcheya. Amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, senderani kuno kutebulo, chifukwa timanambala ndikufuna kukuonetsanitu sitioneka munthu ali patali.

Pepala ndayala apali ndi mapu a Harare ochokera ku ofesi ya boma yojambula mapu ya Surveyor General, nambala yake 1731 C3. Mbare muno tilimo, kaphiri ka Kopje ndi aka, kamzere kabuluu kakukhotakhotaka ndi mtsinje wa Mukuvisi. Pansi apa alemba 1:50 000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 500 mukamayenda pansi. Mizere yoongokayi yagawa pepala lonse m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse ndi masentimita awiri mbali zonse. Ndiye kuti kilomita imodzi mlitali, kilomita imodzi mlifupi.

Ntchito ya timabokositi ndi yoti munthu auze mnzake malo amene ali, popanda kunena kuti "ndili pafupi ndi mwala waukulu". Ku Domboshava, kunja kwa Harare, miyala yaikulu njosawerengeka. Kumbukirani za Chimanimani mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atakokolola misewu ndi milatho. Pamalo otero woyendetsa helikoputa simungamulondolere ndi golosale kapena chigayo. Amafuna manambala.

Tsono mvetserani, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amasokonezera. Mizere yoimirirayi manambala ake ali m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi, ndipo amakula mukamapita kummawa, kudzanja lamanja. Yogonayi manambala ake ali m'mbali, amakula mukamakwera kumpoto. Mumayamba ndi yoimirira nthawi zonse, kenaka yogona. Kumunda timayamba tapeza mzere, phando pambuyo, si choncho? Muno n'chimodzimodzi.

Iwe mnyamata wa malaya ofiira, ika chala pakati pa kabokosi aka. Tsata mzere woimirira uli kumanzere kwa chala chako, werenga nambala yake. 93, eya. Tsopano mzere wogona uli kunsi kwa chalacho. 27. Kabokosi kako ndi 9327. Wakumanzere ndi wakunsi, osati wakumanja kapena wapamwamba. Ukatembenuza n'kunena 2793, anthu okufunafuna akakathera makilomita ambirimbiri kutali ndi iwe, uku iwe uli gone ndi mwendo wothyoka. N'chifukwa chake kuusilikali wolandira uthenga pa wailesi amabwereza manambalawo kuti wotumizayo avomereze.

Koma kilomita ndi dera lalikulu, munthu mungamufune tsiku lonse muudzu. Choncho timagawanso kabokosi kaja magawo khumi chopingasa, magawo khumi chokwera. Pa rula, gawo lililonse ndi mamilimita awiri. Ngati chala chili magawo anayi kuchoka pa 93, timati 934. Ngati chakwera magawo asanu ndi limodzi kuchoka pa 27, timati 276. Pamodzi 934276. Manambala asanu ndi limodziwa akufikitsani m'kadera ka mamita 100, poti mukakuwa mnzanu akumvani. Gwiritsani pensulo yosongoka, chifukwa nsonga ya chala chokha imaphimba malo aakulu kuposa bwalo la mpira la Rufaro.

Mayi mwafunsa za foni. Inde, GPS ya m'foni imathandiza, ndipo mukaiuza kuti ionetse MGRS, yomwe ndi njira ya asilikali yolembera manambala a timabokosi, mudzaona 36K patsogolo, kutanthauza dera lalikulu limene Harare alimo. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre imaonetsa 36L. Chenjerani ndi ichi: mapu akalewa anawayeza potsata muyeso wotchedwa Arc 1950, pomwe foni imatsata wina wotchedwa WGS 84. Malo amodzi omwewo, manambala a ziwirizi amasiyana ndi mamita mazana angapo. Werengani m'mphepete mwa pepala muone muyeso umene anagwiritsa ntchito, musinthe mu GPS kuti zifanane. Komanso batire imatha, pepala silitha moto.

Kampasi nayo siloza kumpoto kwa mizereyi ndendende. Kuno kwathu singano yake imapendekera pang'ono kumadzulo, ndipo kupendekako kumasintha ndi zaka. Kachithunzi ka mivi kali m'mphepete kamakuuzani madigiri ake ndi chaka chimene anayeza. Powerenga kampasi talikirani galimoto, malata ndi waya wa magetsi, chifukwa zimasokoneza singanoyo.

Timizere tofiirira tozungulirati tikuonetsa kutalika kwa nthaka. Tikathinana ndiye kuti mpotsetsereka kwambiri, monga m'mbali mwa phiri la Ngomakurira. Tikatalikirana mpathyathyathya. Ine sindikhulupirira munthu wongodziwa manambala. Ndimafuna ayale mapu, awatembenuze kuti kumpoto kwa pepala kuloze kumpoto kwenikweni, kenaka adzutse mutu andionetse phiri, mtsinje ndi njanji zimene zili papepalapo. Nyumba musazidalire, mapu ena anajambulidwa malo ngati Hopley asanamangidwe. Phiri silisamuka.

Loweruka likudzali aliyense abwere ndi pensulo, rula ndi botolo la madzi. Tikayamba ndi kuyeza mamita 100 pabwalo la sukulu, aliyense awerenge kangati phazi lake lamanzere laponda pansi, alembe nambala yakeyo, chifukwa miyendo yathu njosiyana. Tikatero tikakwera Kopje awiriawiri, wina kutchula manambala, wina kuloza malowo ndi dzanja.