Jenereta ya Panyumba: Kutsegula Zenera Sikungakupulumutseni

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambirana za jenereta yonyamulika, ndipo pa nkhani yosankha sindichedwapo.

Choyamba, lembani zipangizo zimene mukufuna kuti zizigwira ntchito magetsi akathima, kenako muwonkhetse mawati ake, omwe amalembedwa kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizo chilichonse. Firiji ndi pampu ya madzi zimakoka mphamvu yochuluka kawiri kapena katatu pamene mota yake ikuyamba kuzungulira, choncho gulani jenereta yoposerako chiwerengero chanucho. Chachiwiri, jenereta yatsopano nthawi zambiri imabwera yopanda oyilo, ndiye muthire musanailize.

Chachitatu ndi malo oiyika, ndipo apa mundipirire chifukwa nkhaniyi imandipweteka mtima. Anthu ambiri amakhulupirira kuti jenereta ikhoza kulira m'khitchini, m'galaja kapena pakhonde bola zenera likhale lotsegula. Limeneli ndi bodza, ndipo bodzali lapha anthu. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Fungo la petulo likhoza kutuluka pazenera lija, inu n'kumati zonse zili bwino, pamene mpweya wakuphawo ukuchulukana m'chipindamo ndi kudutsa pansi pa chitseko. Magazi amaugwira mpweyawu mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, n'kuganiza kuti watopa chabe, n'kupita kukagona. Wogonayo sadzuka.

Ndikudziwa zimene ena mukunena: panja pali akuba, komanso mvula. Akubawo athane ndi unyolo ndi loko. Mvulayo ithane ndi kadenga kopanda makoma. Jenereta ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera panyumba, ndipo paipi ya utsi iloze kutali ndi zitseko ndi mazenera, kuphatikizapo a anansi anu. Alamu yozindikira carbon monoxide, yoyendera mabatire, ikhale pafupi ndi zipinda zogona. Ngati wachibale wanu amayatsa jenereta m'nyumba, mutumizireni vidiyoyi lero lomwe, ndipo nanunso dinani batani la subscribe.

Chachinayi, musalumikize jenereta pa soketi ya pakhoma. Magetsiwo amabwerera mu mawaya a panja, thiransifoma n'kuwakulitsa, ndipo amene akukonza mawayawo akhoza kufa akuganiza kuti mulibe mphamvu. Itanani katswiri wa zamagetsi akuikireni changeover switch, yomwe ndi swichi yolekanitsa nyumba ndi mawaya a panja pamene jenereta ikulira, kapena lumikizani zipangizo zanu pa jenereta penipenipo ndi waya wokhuthala wopangidwira panja.

Chachisanu, zimitsani injini ndi kuidikira izizire musanathire petulo, pakuti dontho logwera pa chitsulo chotentha likhoza kuyaka. Za jenereta ya inverter, imene imayenerana ndi makompyuta ndi ma TV, tidzakambirana mu vidiyo yotsatira.