Onse ankafuna kuti utsi uzilipiridwa, nanga anayambanirana chiyani?

[Chithunzi: pampu ya petulo, manambala akuthamanga]

Mukathira petulo mumalipira mafutawo, thiransipoti yake, phindu la wogulitsa ndi misonkho. Nanga utsi umene utuluke kumbuyo kwa galimoto, walipira ndani? Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa kaboni, womwe uja ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Akatswiri a zachuma amati chinthu chotayidwa mwaulere anthu amachitaya mosaumira. Choncho amati uikeni mtengo, tani iliyonse izilipiridwa.

Njira zake ndi ziwiri. Ina ndi msonkho wachindunji, monga anachitira Sweden kuyambira 1991. Ina ndi yoti boma liike malire a utsi wonse, kenako makampani azigula ndi kugulitsana ziphaso zotulutsira utsiwo, monga zakhalira ku European Union kuyambira 2005.

Papepala nkhani yathera pomwepo. Koma tiyeni tipite kumene anthu okonda chilengedwe anakokanakokana okhaokha.

[Chithunzi: mapu a United States, chigawo cha Washington chikuwala]

Washington uyu si likulu lija ayi, ndi chigawo cha kumpoto chakumadzulo, komwe kuli mzinda wa Seattle. Gulu la anthu wamba lotchedwa Carbon Washington linatolera masiginecha mpaka nkhani ya msonkho wa kaboni inafika pa voti mu 2016. Maganizo awo anali akuti tani iyambe pa madola 15, kenako 25. Tiwerengere limodzi: madola 25 pa tani ndi masenti 6 okha pa lita. Ndalamazo boma lisadye. Zibwerere kwa anthu potsitsa msonkho wa pa katundu wogula m'sitolo, ndipo mabanja opeza zochepa alandireko mpaka madola 1,500 pachaka.

Mungaganize kuti mdani wawo anali makampani a mafuta okha. Ayi ndithu. Bungwe lalikulu la zachilengedwe la Sierra Club silinawathandize, ndipo mabungwe ambiri a anthu apantchito ndi a m'madera osauka anakana. Funso lawo linali lakuti: mukabweza ndalama yonse, mabasi abwino tigula ndi chiyani? Wogwira ntchito pafakitale yoyenga mafuta akachotsedwa, alowera kuti? A Carbon Washington aja nkumayankha kuti mukangonena kuti ndalama zikupita kuboma, ovota ambiri athawa. Voti itachitika, ovomera anali pafupifupi 41 pa 100 alionse. Inagwa.

Mu 2018 mbali inayo inabwera ndi yawo: madola 15 pa tani, kukwera ndi madola 2 chaka chilichonse, ndalama zipite ku ntchito za magetsi osawononga chilengedwe ndi kumadera ovutika. Apa makampani a mafuta anakhuthula madola opitirira 30 miliyoni kuitsutsa. Ovomera anakwerako pang'ono, kufika cha pa 43. Inagwanso.

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zinkanena zoona, kungoti mkangano wawo sunali wa utsi. Unali wa thumba: ndalamayo agwira ndani? Canada inayesa kubweza ndalama kwa mabanja kuyambira 2019, koma anthu ankaona mtengo papampu mlungu uliwonse, pomwe yobwezedwayo inkalowa mwakachetechete kubanki. Mu Epulo 2025 boma la Mark Carney linauchotsa msonkhowo pa mafuta a anthu wamba. Ku France, mu 2018, kukwera kwa msonkho wa mafuta kunatulutsa mumsewu anthu ochita zionetsero ovala majekete achikasu, ambiri a iwo okhala kutali ndi tauni, kumene popanda galimoto sufika kuntchito.

Ndiye pamsonkhano uliwonse wa nkhaniyi pamadzuka wina nkunena kuti bwanji tingousiya mtengowo? Tiike malamulo oti galimoto ndi mababu zisamadye mphamvu zambiri, tithandize ogula sola. Mfundo yake ili ndi mutu. Germany, ndi lamulo lake la mu 2000 lolonjeza mtengo wabwino kwa aliyense wogulitsa magetsi a dzuwa, inathandiza kugwetsa mtengo wa mapanelo padziko lonse, ndi omwewa tikuwaona pamadenga kwathu kuno. Koma ulere kulibe. Ajeremani analipira kudzera pa bilu ya magetsi, kungoti dzina silinali msonkho.

Kwathu ku Malawi msonkho wa kaboni unabwera mu 2019, wa galimoto, ndipo poyamba unkawerengedwa potengera kukula kwa injini. Taganizani: galimoto yongokhala pakhomo ndi yoyenda Lilongwe-Blantyre tsiku ndi tsiku, injini zikafanana, mtengo umodzi. Pamenepo mwalipiritsa chitsulo, utsi sunakhudzidwe.

[Chithunzi: mwana wasukulu akukwera basi ku Seattle]

Ku Washington kuja, aphungu anadzakhazikitsa lamulo la ziphaso mu 2021, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2023. Zina mwa ndalama zake ndi zimene zikuchititsa kuti wazaka 18 kutsika m'munsi akwere basi osalipira. Mu 2024 ena anabweretsa voti yoti lamuloli lichotsedwe. Anthu omwe aja anakana kawiri konse, ulendo uno oposa 60 pa 100 alionse anati lisiyeni.