Makalata anu: bala la opaleshoni likamachedwa kupola kunyumba

Moni omvera nonse kulikonse kumene mukutimvera. Makalata a lero ambiri ndi a anthu amene anapangidwa opaleshoni, anatulutsidwa m'chipatala koma kunyumba zinthu sizikuyenda. Ndiyamba ndi kalata yaifupi chifukwa iyiyi siyodikira.

Alemba ndi bambo wina, akuti: "Akazi anga anawapanga opaleshoni ya m'mimba sabata yatha, bala likuoneka bwinobwino koma kuyambira dzulo mwendo wakumanzere watupa kumunsi kwa bondo, ukutentha komanso akuti ukuwawa ngati mtsempha wakokana. Ndiwasisite ndi mafuta?"

Bambo musasisite chonde. Mwendo umodzi wokha kutupa, kutentha ndi kuwawa pakatumba munthu atangochoka ku opaleshoni, zikhoza kukhala kuti magazi aundana mumtsempha wamkati, achipatala amati DVT. Zimabwera chifukwa munthu wagona nthawi yaitali osayenda, komanso opaleshoni payokha imapangitsa magazi kuundana msanga. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakamasuka kamatha kukatseka mtsempha wa m'mapapo, mpomwe pali ngozi. Muwatengere kuchipatala lero lomwe, ndipo akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa musadikire kuti kuche.

Kalata yachiwiri ndiiwerenga yonse mmene yalembedwera.

"Zikomo chifukwa cha pulogalamuyi. Ine ndinabereka pa opaleshoni mwezi watha, ulusi anachotsa koma mbali imodzi ya bala inatseguka kadzenje koti chala chikhoza kulowa, kamatuluka madzi achikasu nthawi zina ndi timagazi, ndimasintha bandeji mmawa ndi madzulo koma basi sikakutseka. Ndinabwerera kuchipatala akuti sasokanso, anangotsuka nkuikamo gauze akuti kapola kokha, ine nde ndikuona ngati angondithamangitsa. Kunyumba kuno apongozi akuti ndikudzilekerera, akuti ena amene anang'ambidwa pofika pano anali atayamba kale ntchito zapakhomo, wina wandibweretsera sipiriti kuti ndizithira paume msanga. Ndatopa ine, usiku ndimangolira mwana akuyamwa, kodi ndalakwitsa chani?"

Achemwali, palibe chimene mwalakwitsa, ndipo achipatala aja sanakuthamangitseni ayi. Bala loti latseguka kale nthawi zambiri limakhala kuti tizilombo talowamo, nde akalisoka pamwamba ndiye kuti atsekera mafinya mkati, pakapita masiku limatupa nkuphulikanso moipa kuposa poyamba. Nchifukwa chake amalisiya lotseguka kuti lidzidzaza lokha kuchokera pansi kukwera pamwamba, ngati mmene timakwirira dzenje. Gauze ija ntchito yake ndi kuyamwa madziwo komanso kuletsa khungu kutseka pamwamba mkati musanadzaze. Njira imeneyi imachedwa, imatenga masabata angapo mwinanso miyezi, ndipo inuyo poti mumaliona kawiri patsiku simungaone kusintha. Muzilijambula pafoni kamodzi pasabata, pamtunda womwewo, mukamapita kukatsukidwa muziwaonetsa anesi zithunzizo, mudzaona nokha ngati kadzenjeko kakuchepa kapena kangoima. Mukasuzumira mkatimo nkuona mnofu wofiira wa timabampu umene umatuluka timagazi mukaukhudza musaope, umenewo ndi mnofu watsopano.

Sipiriti ija ibwezeni kwa mwini wake. Imapha tizilombo inde koma imawotchanso mnofu wanthete umene ukuyesetsa kumerawo, ndipo bala lotseguka silifunika kuuma gwa, limapola bwino likakhala lonyowa pang'ono ndi lophimbidwa. Zothira zina zilizonse zimene anthu angakubweretsereni, ufa, mafuta, kaya kapisozi wotsegula nkuwaza pabala, ayi. Tsukani ndi saline, madzi amchere a kuchipatala otsukira mabala, kapena mmene anakuuzirani anesi, sambani m'manja ndi sopo musanagwire, ndipo muziwerenga tizidutswa ta gauze timene mwaika kuti potulutsa tituluke tonse, kakatsalira mkati kamayambitsa mafinya.

Tsono kuchedwa kupola ndi kwina, kuipa kwa bala ndi kwinanso. Madzi achikasu owala opanda fungo amatuluka ndithu. Koma mukaona mafinya okhuthala onunkha, ululu ukuwonjezeka mmalo mochepa, mbali mwa bala mwalimba ndipo mukutentha mukayerekeza ndi khungu lina, thupi latentha kufika madigiri 38 kapena mukuzizidwa mpaka kunjenjemera, limenelo ndi tsiku lopita kuchipatala posayang'ana deti imene anakulemberani. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino nde musadalire maso okha, khudzani mbali mwake ndi dzanja losamba. China, ngati mwatsokomola kapena kudzuka nkumva ngati chinachake chaduka mkati, kenako madzi ambiri ofiirira akhuthuka mwadzidzidzi, kapena mukuona zamkati zikusuzumira, gonani chagada mupinde maondo, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowa, osakankhira mkati, osadya kapena kumwa kanthu, wina akuthamangitsireni kuchipatala.

Kwa apongozi, ndikulankhula mwaulemu amayi. Mwana wanuyu sanangochekedwa khungu, anatsegulidwa mimba mpaka chiberekero. Ngakhale amene bala lake latseka bwinobwino amauzidwa kuti kwa masabata 6 asanyamule cholemera kuposa khanda lake, ndipo chipsera chimatenga pafupifupi miyezi 3 kuti chilimbe, nkulimba kwakeko kumathera pa 80 peresenti ya mmene khungu linalili kale. Nanga uyu amene bala lake lidakali lotseguka? Matupi amasiyana, wina magazi ndi ochepa, wina bala lili pansi pa mimba pomwe pamachita thukuta. Mawu oti akudzilekerera amapweteka ndipo amapangitsa munthu kudzikakamiza ntchito mpaka bala kung'ambika. Mulandireni ntchito zolemera, iye aziyenda pang'onopang'ono pakhomopo, kuyendako nkofunika.

Za kulira usikuzo achemwali musazibise. Mukapita kukatsukidwa bala muwauze anesi momveka kuti mtima wanu suli bwino, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa pambuyo pobereka alipo ndipo ali ndi chithandizo. Mupemphenso akuyezeni kuchuluka kwa magazi.

Yomaliza yachokera kwa mnyamata amene akusamalira bambo ake: "Adadi anawapanga opaleshoni ya chophukacho, ali ndi shuga komanso fodya sanasiye akuti amawachotsa ululu. Bala likungokhala lonyowa, chakudya akudya pang'ono, kuchimbudzi sakupita bwino amachita kudzikakamiza, akumwa tramadol. Ndipange bwanji poti ine akandiona ndikulankhula za fodya amakalipa."

Achimwene mwachita bwino kulemba, ndipo zonse mwatchulazi zikukokerana. Shuga akakwera asilikali a m'thupi amafooka salimbana bwino ndi tizilombo, fodya naye nikotini wake amafinya timitsempha ting'onoting'ono nde mpweya wabwino sufika pabala, mnofu watsopano sungamere popanda mpweya umenewo. Kuwonjezera apo kutsokomola kwa fodya ndi kudzikakamiza kuchimbudzi zonse zikukankha pamalo pomwe anasoka. Kudzimbidwako mbali yaikulu ndi tramadol, mankhwala opha ululu amtundu umenewo amachedwetsa matumbo. Auzeni adokotala, akhoza kuwapatsa ofewetsa chimbudzi kapena kuwasinthira opha ululu, panopa azimwa madzi okwanira, aziyendako, ndipo akafuna kutsokomola azigwirizira pabala ndi pilo.

Poti akudya pang'ono samalani ndi mankhwala a shuga, musawasiyitse kapena kuchepetsa panokha koma musangopitirizanso osanena, insulin ndi mapiritsi ena amatha kutsitsa shuga mopitirira munthu akapanda kudya, mukaona thukuta, kunjenjemera ndi kubalalika mutu muganizire zimenezo. Muziyeza pafupipafupi nkumalemba manambala. Chakudya muziwapatsa pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, makamaka zomanga thupi chifukwa mnofu umapangidwa ndi zimenezo.

Za fodya, bambo kumva kwa mwana wawo kumavuta, ndikumvetsa. Mukapita nawo kuchipatala mulowe nawo m'chipinda, mutenge kapepala ka manambala a shuga ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ndipo mupemphe adokotala kuti nkhani ya fodyayo awauze iwowo maso ndi maso.