Davide, amisiri a ku Cologne, ndi nyumba imene sitidzaiona

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge 1 Mbiri 22. Mulungu atamuuza Davide kuti si iye amene adzamange kachisi, Davide sananyanyale. Anasonkhanitsa miyala yosema, chitsulo chopangira misomali, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza, kukonzera nyumba imene maso ake sadzaiona.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikira amisiri a tchalitchi china. Ku Germany, m'mphepete mwa mtsinje wa Rhine, kuli mzinda wa Cologne, umene eni ake amautcha Köln. Aroma anaukweza kukhala mzinda wawo m'chaka cha 50 AD, chifukwa Agrippina, mkazi wa mfumu Claudius, anabadwira kumeneko. Chuma chake chinkabwera ndi madzi. Kuyambira 1259 panali lamulo lakuti ngalawa yamalonda ikafika pa Cologne iime, itsitse katundu, ndipo katunduyo akhale pa malonda masiku atatu kuti anthu a mumzindamo agule kaye. Vinyo, nsomba, nsalu, zonse zinkasiya phindu padoko, mpaka mzindawo unakhala umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya.

Mu 1164 bishopu wamkulu Rainald von Dassel anabweretsa kuchokera ku Milan, mzinda wa ku Italy, mafupa amene anthu ankakhulupirira kuti ndi a anzeru a kum'mawa aja, ndipo amwendamnjira anayamba kukhamukira ku Cologne. Pa 15 Ogasiti 1248 anaika mwala wa maziko a tchalitchi chatsopano. Mmisiri woyamba, Gerhard, anamwalira makoma asanafike patali. Mbali ya ku guwa anaidalitsa mu 1322, ndipo pofika tsikulo ambiri mwa amene anakumba maziko anali kumanda. Ine ndimawaganizira anthu amenewa, osema miyala amene mayina awo sitiwadziwa, akuwongola m'mphepete mwa mwala umene udzakhale pamwamba kumene diso la munthu silifika. Anausema bwinobwino.

Kenako ndalama zinachepa, mitima inazizira, ndipo mu 1560 ntchito inaimiratu. Nsanja ya kumwera inali isanafike ngakhale theka, ndipo pamwamba pake panatsala kireni ya matabwa yokwezera miyala. Ntchito itaima, kireni imeneyo inakhalabe pamenepo zaka zoposa 300. Ana anabadwa, anakula, anakalamba n'kumwalira akuiona ili tololo pamwamba pa mzinda, osakweza mwala ngakhale umodzi. Asilikali a ku France atalanda mzindawo mu 1794, m'nyumba ya Mulungu ija ankasungiramo udzu ndi akavalo.

Apa ndi pamene ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa ambiri a ife tikukhala m'zaka za kireni. Tikuidziwa nyumba ija imene inaima itafika m'mawindo, thengo n'kumera m'zipinda, odutsa n'kumaloza. Ndi mmene lilili pemphero la mayi amene wakhala akupempherera mwana wosochera kuyambira kalekale. Ndi mmene ulili mpingo umene unayamba ndi moto, lero mwatsala anthu owerengeka. Ndi mmene alili maphunziro amene anaima fizi itasowa. Sindikuuzani kuti zonsezi zitheka mwezi uno, ndipo amene amakulonjezani zotero m'dzina la Mulungu akukunamizani. Ku Cologne mibadwo yathunthu inapita osaona kanthu.

Koma pulani inalipo. Amisiri akale aja anajambula kutsogolo kwa tchalitchicho ndi nsanja zake ziwiri pa chikopa chotalika mamita anayi. Chikopacho chinasowa, chinagawika pawiri. Theka lina linapezeka mu 1814 m'denga la nyumba ya alendo ku Darmstadt, mzinda wina wa ku Germany, kumene akuti ankayanikirapo nyemba. Theka linalo linapezeka ku Paris mu 1816. Mu 1842 mfumu Friedrich Wilhelm IV ya ku Prussia, dziko limene linkalamulira Cologne pa nthawiyo, inaika mwala woyambiranso ntchito, anthu wamba anasonkha ndalama, kireni yakale ija anaitsitsa mu 1868, ndipo mu 1880 nsanja zinaima, mamita 157, motsatira zimene anajambula anthu amene anafa zaka mazana angapo m'mbuyomo. Kuchokera pa mwala woyamba panapita zaka 632. Paulo analembera Afilipi kuti Iye amene anayamba ntchito yabwino mwa iwo adzaitsiriza, ndipo tsiku limene anatchula ndi la Yesu Khristu. Sanatchule la mawa.

Mayesero sanathere pomwepo. Usiku wa pa 30 Meyi 1942 ndege zankhondo zoposa 1,000 zinatumizidwa kukaphulitsa Cologne, ndipo pamene nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inkatha, pakati pa mzinda panali mabwinja okhaokha. Mwa anthu oposa 700,000 amene ankakhalamo, munatsala pafupifupi 40,000. Tchalitchi chinalasidwa ndi mabomba koma sichinagwe. Anthu anabwerera, anatola njerwa m'mabwinja, anamanganso, ndipo lero mumzindamo muli anthu oposa 1 miliyoni. Pambali pa tchalitchi pali malo a amisiri amene mpaka pano amasema miyala yatsopano yolowa m'malo mwa imene mvula ndi utsi zadya.

Tipemphere. Atate, tikupereka m'manja mwanu mayi amene wadzuka kugwada kupempherera mwana wake kachikenanso, mbusa amene akalalikire mabenchi opanda anthu Lamulungu likubwerali, ndi mnyamata amene mabuku ake ali m'katoni kudikira fizi. Apatseni mphamvu za ntchito ya lero, monga munampatsa Davide mtima wosonkhanitsa miyala. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.