Chifukwa chake masiku a Asikh ena amayenda, ena amaima

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, ndakuonani nonse. Ulendo wathawu titakambirana za Pasaka ndi Ramadani, mayi wina anandiimitsa pakhomo n'kundifunsa kuti, "Nanga amwenye ovala nduwira aja, masiku awo amawerenga bwanji?" Ndinalonjeza kuti ndidzayankha, ndiye lero ndabwera kudzabweza ngongole.

Anthu ankanena mayiwo ndi Asikh. Chipembedzo chawo chinayambira ku Punjab, dera limene lero linagawika pakati pa India ndi Pakistan, ndipo anachiyambitsa ndi Guru Nanak, wobadwa mu 1469. Kuno si alendo kwenikweni, poti asilikali achisikh anafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston. Guru ndiye kuti mphunzitsi. Analipo khumi motsatizana, ndipo tsiku lokumbukira kubadwa kapena kufa kwa mmodzi wa iwo amalitcha gurpurab.

Tiyambire pa Chichewa chathu chomwechi. Wowala usiku uja timati mwezi, wa pakalendala timatinso mwezi. Sizinangochitika ayi. Makolo ankawerenga kuchokera pamene mwezi wakhala mpaka udzakhalenso, ndipo amenewo ndi masiku 29 ndi theka. Miyezi yotere ikakwana 12 mupeza masiku 354. Koma mvula, chisanu ndi chilimwe sizitsata mwezi, zimatsata dzuwa, ndipo chaka cha dzuwa ndi masiku 365 ndi kotala. Pakusowa masiku 11. Gwirani nambala imeneyi, nkhani yonse yagona pamenepo.

Abale athu achisilamu masiku 11 amenewa sawabweza, n'chifukwa chake Ramadani imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka kuzungulira nyengo zonse. Khirisimasi ili pa dzuwa, siyenda. Kalendala imene Aguru anaipeza ku Punjab, ya Bikrami, imene zaka zake zimayambira mu 57 Yesu asanabadwe, inagwira zonse ziwiri. Ili ndi miyezi ya dzuwa, ilinso ndi miyezi ya mwezi, mayina ake omwewo. Masiku 11 aja akaunjikana n'kukwana mwezi, pafupifupi zaka zitatu zilizonse, amangolowetsa mwezi wina wapadera, chaka n'kukhala cha miyezi 13.

Onani mmene zimakhalira ndi tsiku lalikulu kuposa onse, lokumbukira kubadwa kwa Guru Nanak. Limachitika mwezi ukakhala wathunthu m'mwezi wa Katak. Mu 2021 linali pa 19 Novembala. Mu 2022 linabwerera pa 8 Novembala, masiku 11 aja. Mukanayembekeza kuti chaka chotsatira ligwera mu Okutobala, koma mu 2023 munalowa mwezi wapadera uja, ndipo linadumphira pa 27 Novembala. Lili ngati mbuzi ya pachingwe, imayenda ndithu koma sichoka pachikhomo.

Pali masiku ena awiri oyenda chimodzimodzi. Bandi Chhor Divas limagwera pamodzi ndi Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, mwezi uli kumdima, ndipo amakumbukira kutuluka kwa Guru Hargobind m'ndende ya Gwalior pamodzi ndi akalonga 52. Hola Mohalla, tsiku loonetsa masewera a nkhondo, limabwera m'mawa mwake mwa Holi, chikondwerero cha Ahindu chowazana utoto, cha mu Malichi.

Tsono Vaisakhi, tsiku limene Guru Gobind Singh, Guru wa nambala 10, anakhazikitsa Khalsa, gulu la Asikh olumbira kusunga mwambo wa chipembedzo chawo, ku Anandpur mu 1699, lili pa dzuwa. Ndi tsiku loyamba la mwezi wa Vaisakh, ndipo masiku ano limagwa pa 13 kapena 14 Epulo. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse wa dzuwa amalitcha sangrand, ndipo m'nyumba zawo zopemphereramo, zimene amati gurdwara, amawerenga ndime ya mweziwo m'nyimbo ya miyezi khumi ndi iwiri yotchedwa Barah Maha, ya m'buku lawo loyera la Guru Granth Sahib.

Mwina mukuti, ngati lili pa dzuwa ndiye palibe vuto. Lilipo, kungoti ndi laling'ono moti munthu mmodzi sangalione pa moyo wake. Chaka cha dzuwa chimayezedwa pawiri. Mutha kudikira kuti nyengo ibwerere pamene inali, kapena kudikira kuti dzuwa libwerere pa gulu lomwelo la nyenyezi. Bikrami imatsata nyenyezi, ndipo chaka cha nyenyezi n'chotalikirapo ndi mphindi pafupifupi 20. Mphindi 20, nsima siinapse n'komwe. Koma pakatha zaka pafupifupi 70 zakwana tsiku lathunthu, ndipo miyezi imanka itsetsereka kuchoka pa nyengo zake. Tangoganizani kuti zidzukulu za zidzukulu zathu n'kudzapeza Juni akutentha ngati Okutobala. Asikh izi zinawakhudza chifukwa Guru Nanak mu Barah Maha yake anafotokoza mwezi uliwonse ndi nyengo yake: Harh wa dzuwa lowotcha, Sawan wa mvula, Poh wa chisanu. Zikapitirira kwa zaka masauzande, munthu adzawerenga za kutentha atafunda bulangete.

Panalinso china chooneka msanga. Guru Gobind Singh anabadwira ku Patna mu 1666, tsiku lachisanu ndi chiwiri mwezi utayamba kukula, m'mwezi wa Poh. Poh amagwa pamalire a Disembala ndi Januwale, ndiye pakalendala yathuyi zimasokonekera. Mu 2022 tsikuli linabwera kawiri, pa 9 Januwale ndi pa 29 Disembala, ndipo mu 2023 silinabwere n'komwe. Msikh wogwira ntchito ku London kapena ku Toronto akapempha bwanji tchuthi kwa abwana?

Apa m'pamene panatulukira Pal Singh Purewal, Msikh amene ankakhala ku Edmonton m'dziko la Canada. Iye anakonza kalendala ya Nanakshahi, ndipo bungwe loyang'anira ma gurdwara akuluakulu la SGPC, la ku Amritsar, mzinda woyera wa Asikh ku India, linayamba kuigwiritsa ntchito mu 2003. Chaka choyamba ndi 1469. Chaka chimayamba pa 1 Chet, ndiye kuti 14 Malichi. Miyezi isanu yoyamba ili ndi masiku 31, isanu ndi iwiri yotsalayo masiku 30, ndipo womaliza, Phagun, amalandira tsiku lowonjezera m'chaka chimene Febuluwale ali ndi masiku 29. Kutalika kwa chaka n'kofanana ndi kwa kalendala yathuyi, ndiye Vaisakhi inakhazikika pa 14 Epulo, kubadwa kwa Guru Gobind Singh pa 5 Januwale, kuphedwa kwa Guru Arjan pa 16 Juni. Koma masiku atatu aja, la Guru Nanak, Bandi Chhor ndi Hola Mohalla, anawasiya pa mwezi. Anthu anawazolowera kwambiri moti sakanalola.

Mukudziwa mmene zimakhalira munthu akasuntha chinthu cha makolo. Magulu ena achisikh anakana, amati Aguru eniake ankawerenga ndi Bikrami, ndiye ndani wapereka mphamvu yosintha? A mbali inayo amati mtundu uli ndi buku lake ndi mbendera yake uyeneranso kukhala ndi kalendala yake, osadalira ya Ahindu. Mu 2010 SGPC inasintha, n'kubwezera sangrand ndi masiku ena a Aguru ku mawerengedwe akale, dzina la Nanakshahi n'kulisiya pachikuto.

Ine monga mphunzitsi wakale wa masamu, mtima wanga uli kwa Purewal, chifukwa masamu ake ndi oongoka. Koma sindingawaseke enawo. Munthu amene agogo ake ankayang'ana kumwamba n'kudziwa kuti mwezi wakwanira, mawa ndi tsiku la Guru, mukamuuza kuti ayang'ane pepala la pakhoma mwamulanda kanthu. Ifenso Akhristu tisadzitame. A Orthodox ndi ife timachita Pasaka masiku osiyana zaka zambiri, ndipo gwero lake ndi lomweli, kalendala yakale ndi yatsopano.

Ndiye lero pali mawerengedwe awiri oyenda pamodzi. Ma gurdwara ena, makamaka kunja kwa India, anakakamira ya 2003. Ku Pakistan komiti ya Asikh imakumbukira Guru Arjan ku Lahore, kumene anaphedwera mu 1606, pa 16 Juni, pamene a ku Amritsar amatsata mwezi ndipo tsiku lawo limagwa mu Meyi kapena Juni malinga ndi chaka. Apaulendo ochokera ku India ofuna kukapemphera ku Lahore akhala akuvutika nazo, poti tsiku la kwawo ndi la eni malo silikumana.

Mayi munafunsa aja, ngati muli ndi mnzanu wachisikh ndipo mukufuna kukamufunira zabwino, la Vaisakhi musavutike nalo, ndi 13 kapena 14 Epulo. La Guru Nanak yang'anani kumwamba cha mu Novembala, mwezi ukakhala wathunthu. Enawo mufunseni mwini wake kuti gurdwara yake imatsata kalendala iti. A tcheyamani, ndaona bambo uko akweza dzanja kalekale.