Munthu akawomberedwa ndi Taser, chitani izi

Moni abale anga nonse a m'gulu lathuli kuno ku Britain. Ndangoweruka kumene kuchipatala, ndiye mundikhululukire ngati mawu akumveka otopa. Amayi ena anandifunsa dzulo kuti kodi kamfuti kachikasu kamene apolisi kuno amanyamula kaja, Taser, kamapha? Ndati ndiyankhire pano kuti tonse timve.

Kamfuti kaja kamaponya timivi tiwiri ta ngowe ngati mbedza, tolumikizidwa ndi mawaya. Timivito tikabaya munthu, magetsi amayenda kwa masekondi 5, minofu imauma gwa, munthu amagwa ngati mtengo wodulidwa. Ambiri amadzuka bwinobwino. Mu 2009 Dr William Bozeman ndi anzake ku America anatulutsa kafukufuku wa anthu 1,201 omwe apolisi anawawombera nayo. Atatu okha ndi amene anavulala kwambiri, ndipo awiri mwa atatuwo chinawavulaza ndi kumenyetsa mutu pansi pogwa. Ndiye choyamba, yang'anani mutu. Akayamba kusanza, kusokonezeka kapena kuodzera, ameneyo ndi wa ambulansi, musamutengere kunyumba kuti akagone.

Koma chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi mtima. Mu 2012 Dr Douglas Zipes, katswiri wa matenda a mtima ku Indiana University, analemba m'magazini ya Circulation za anthu 8 omwe anakomoka atawomberedwa ndi Taser X26 pachifuwa. Anthu 7 anamwalira. Magetsi akadutsa pafupi ndi mtima amatha kuusokoneza mpaka uyambe kungonjenjemera osapopa magazi. Ngakhale kampani yopanga Taser, imene pano ikutchedwa Axon, inalangiza apolisi mu 2009 kuti azipewa kuloza pachifuwa.

Tsono mvetserani apa. Munthu akagwa ndipo sakudzuka, magetsi atasiya, musaganize kuti akunamizira. Muitaneni, yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ngati sakupuma, kapena akupuma mobanika ngati akuliza mkonono, imbani 999 pompo. Uzani apolisi mokweza, muli chapatali, kuti sakupuma. Musawakankhe, musawagwire, mungadzipalire nokha ngozi. Akakupatsani mpata, gwadani, manja awiri pakati pa chifuwa, kanikizani mwamphamvu, pafupifupi masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Wina athamangire defibrillator, makina aja amaikidwa pamakoma a masitolo ndi masiteshoni. Amalankhula okha, mumangotsatira.

Timivi tija musazule nokha. Makamaka tikakhala kumaso, pakhosi, pabere kapena kumaliseche, tisiyeni, akachotse madokotala.

China chimene ndikupempha ndi mtima wonse: werengani kangati kamene awomberedwa ndi kutalika kwa nthawi yake, ndipo akamangidwa asasiyidwe chafufumimba wina atamutsamira pamsana. Malangizo a apolisi ku America a 2011 amachenjeza kuti kupitirira masekondi 15 kumawonjezera chiopsezo. Mukukumbukira Dalian Atkinson, wosewera mpira wa Aston Villa uja? Ku Telford mu 2016 wapolisi anamugwiritsa magetsi masekondi 33, kenako anamumenya mateche kumutu, ndipo anamwalira. Anali kale ndi vuto la mtima ndi impso. Wapolisiyo khoti linamupeza wolakwa mu 2021. Nkhani imeneyi imandipweteka mpaka lero.

Achipatala akafika, auzeni zonse zomwe mukudziwa. Ngati ali ndi pakati, ali ndi pacemaker (kachipangizo koikidwa m'chifuwa kothandiza mtima kugunda bwino), amadwala khunyu, akudwala maganizo, kapena wamwa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, nenani, musabise chifukwa cha manyazi. Ndipo ngati munthuyo wadzithira petulo, fuulani apolisi asanawombere n'komwe, chifukwa Taser imathetheka ndipo moto umabuka.

Amene ali ndi funso andilembere, ndiyankha ndikadzuka.