Kwa adokotala amene akufuna kukaphunzira ukatswiri ku America

Eya, achimwene, uthenga wanu ndaumva. Ndangojambula mawu, kulemba kungatalike. Mumvetsere bwino.

Mabuku muyambe mwawasiya kaye. Choyamba lowani pa World Directory of Medical Schools, mndandanda wa pa intaneti wa sukulu za udokotala, mufufuze sukulu imene munaphunzira udokotala. Isangopezeka dzina lokha ayi, pakhale mawu a ECFMG, bungwe la ku America lotsimikizira madokotala ophunzira kunja, ovomereza kuti omaliza pamenepo m'chaka chanu angathe kulembetsa. Popanda satifiketi ya ECFMG palibe chipatala chingakutengeni. Ndipo iwowo sakhulupirira pepala la m'manja mwanu, amafunsa okha kusukulu ngati digiriyo ndi yeniyeni. Apa ndiye pochedwetsa anthu. Pezani munthu wa mu ofesi yosunga mbiri za ophunzira, muzimuimbira, osatopa. Dzina la pa digiri lifanane ndi la pa pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ngati munasinthapo dzina, chikalata chake chikhale pafupi.

Kenako mayeso a USMLE, opezera chilolezo cha udokotala ku America. Gawo loyamba, Step 1, kuyambira 2022, amangoti wakhoza kapena walephera. Ndiye maso a osankha ali pa malikisi a gawo lachiwiri, Step 2 CK. Musakalembe mongoyesa, chonde. Mukalephera zimaoneka mpaka kalekale, mukakhoza ndi malikisi ochepa simuloledwa kubwereza kuti mukweze. Palinso OET, mayeso a Chingerezi cha m'chipatala.

Mafomu ambiri ofunsira malo amapita kudzera pa ERAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomuwo ku zipatala, mu Seputembala, amafunsa anthu mafunso miyezi yotsatirayo, zotsatira za Match, zosonyeza chipatala chimene chakutengani, zimatuluka mu Malichi, ntchito n'kuyamba mu Julaye. Kuphonya Seputembala ndi kutaya chaka. Makalata okuchitirani umboni, pulogalamu iliyonse ya maphunziro a ukatswiri imalandira osapitirira 4, ndipo opatsa mphamvu ndi a madokotala a komweko amene anakuonani mukugwira odwala.

China, mtima ukhale m'malo: zaka zimene mwagwira kale sizikudumphitsani kalasi. Mukayambira pansi ngati wongotuluka kumene. Maphunziro a internal medicine (matenda a m'thupi a akuluakulu) ndi zaka 3, a opaleshoni zaka 5.

Za viza, ambiri amapita pa J-1. Imafuna kalata ya unduna wa zaumoyo wa dziko lanu yonena kuti luso limenelo likufunika, ndipo mukamaliza lamulo limati mubwerere kwanu zaka 2. Zimenezi mukambirane ndi alamu panopa, osati tikiti ili kale m'manja.

Nditumizireni chithunzi cha digiri ndi pasipoti usiku uno, ndione mayinawo.